Zizindikiro za a Kabati

Makina osindikizira anatsokomola kawiri, kenaka n'kulavula pepala. A Kabati analiwakha lisanagwe pansi, monga ankachitira tsiku ndi tsiku, n'kulitulutsira pawindo osaliyang'ana n'komwe.

"Nayi kalata yanu, alamu. Lachinayi m'mawa mukafike kuchipatala chachikulu musanalawe kanthu. Akakakung'ambani mukawauze achotseretu ndi bodza lija, lili pafupi pomwepo ndi chotupacho."

"Bodza ndiye mpamba wanga," anayankha a Sizasi akupukuta magalasi ndi kumunsi kwa shati. "Wometa wopanda nkhani angamete ndani? Inu mukanakhala ndi nkhani bwenzi tsitsi lisanakuthaweni."

A Sizasi anali wometa wa kuseri kwa siteshoni ya basi, ndipo anakwatira mlongo wawo wa a Kabati zaka makumi awiri zapitazo. Chikwatirireni, awiriwa anali asanauzanepo mawu owongoka. A Kabati ndiwo anali kalaliki wa kachipatala aka, zaka makumi atatu pawindo lomwelo. Dzinali analitenga nthawi ya makabati asanu ndi awiri achitsulo, pamene ankatha kusolola khadi la munthu aliyense maso ali kwina. Makabatiwo anachotsedwa zaka zinayi zapitazo kompyuta italowa, koma dzina linakana kutuluka nawo. Pakhoma panatsala mizere ya dzimbiri yosonyeza pamene ankatsamira.

A Sizasi anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga mokweza kuti apamzere amve nawo.

"Shuga, palibe. Mphumu, palibe. Mankhwala osamuyanja, palibe. Mwamva anthu inu? Ine ndine munthu wa palibe yekhayekha. Mlongo wanu anatola chikwama, alamu."

Dzanja la a Kabati linaima m'malere.

"Tabwezani pepalalo."

Anawerenga okha. Mankhwala osamuyanja, palibe. Komatu iwo analipo tsiku lija, zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, pamene a Sizasi anabwera ndi chala chotukusira atadzicheka ndi lumo. Analandira mankhwala, ndipo asanatuluke pageti milomo inatupa ngati chubu cha njinga, mpweya ukulira mluzu pakhosi. Anthu anayi anawanyamula pabenchi. Dokotala wamkulu, amene pano ndi malemu, anathamanga mpaka kusiya nsapato imodzi m'khonde. Mlongo wawo wa a Kabati anali atayamba kale kulira maliro.

"Alamu, mankhwala aja anakutupitsani aja, anali chiyani?"

"Anali mankhwala."

"Dzina lake, bambo inu."

"Munthu ikumugunda galimoto amawerenga nambala? Si inu Kabati? Tsegulani dirowa muone."

A Kabati anatsegula fayilo ya mlamu wawo pakompyuta. Kabokosi ka mankhwala osamuyanja kanali kopanda kanthu, ndipo makinawo, poona kuti mulibe cholembedwa, anangodzigamulira okha kuti palibe. Anatsika mpaka kumunsi kwenikweni, ku kabokosi kolembedwa kuti Zina. M'menemo munali zilembo ziwiri zokha: O2.

Zilembozo analemba ndi iwo. Kalekale, ali mnyamata wa tsitsi lake, anapeka zizindikiro zawozawo zimene ankalemba ndi pensulo yofiira pangodya ya khadi. Poyamba chinali chifundo, chifukwa makadi ankadutsa m'manja ambiri ndipo matenda a munthu ankafika kumsika mwini wake asanafike kunyumba. Mtanda unali ndi tanthauzo lake, nyenyezi lake, ndipo mphete, yooneka ngati chilembo cha O, yokhala ndi nambala inkatanthauza mankhwala amene munthu samuyanja. Koma chifundo chija chinadzasanduka ufumu. Madokotala ankabwera n'kupita, ndipo aliyense ankayenera kudzasuzumira pawindo n'kufunsa kuti, "A Kabati, apa mukutanthauzanji?" Funso limenelo linkawakomera kuposa tiyi wa shuga zitatu. Kompyuta itabwera, anakhala miyezi itatu akulowetsa makadi, ndipo poona kuti kusankha dzina la mankhwala pamndandanda wautali kukuwachedwetsa, ankangoponya zizindikiro zawo m'kabokosi ka Zina.

Tsono vuto linali ili. O1 inali penisilini, O2 inali bakitirimu. Zinali choncho mpaka chaka china pamene kalaliki mnzawo, munthu wa maso akuthwa, anazitulukira n'kuyamba kuyankha madokotala m'malo mwawo. A Kabati, nsanje itawakwera, anasinthanitsa nambala mwakachetechete kuti mnzawoyo achite manyazi. Anachitadi manyazi, mpaka anapempha kusamuka. Koma kodi kusinthako kunachitika a Sizasi asanatupe kapena atatupa kale? A Kabati anatseka maso n'kukoka dirowa ya m'mutu. Inatseguka bwinobwino, koma munali mbee.

Anatseka windo, n'kukokera mlamu wawo kwa a Sisita.

A Sisita, namwino wamkulu amene ankayendetsa chipatalachi, anamvetsera nkhani yonse atapinda manja. Sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zimene zinapweteka kwambiri.

"Ndiye kuti kalata yapita kale kuchipatala chachikulu ikunena kuti palibe?"

"Kompyuta yaitumiza yokha m'mawa uno, a Sisita."

"Kukonza kabokosiko n'kosavuta, ndi mphindi imodzi. Koma ndilembemo chiyani?"

"Lembani onse awiri," anatero a Kabati ndi mawu otsika.

"Onse awiri?" anadumphira a Sizasi. "Ndiye akandichiza ndi chiyani, madzi otentha?"

"Zikakanika ndidzaterodi," anatero a Sisita, "koma ndikhala ndamanga manja a dokotala wa kumeneko ndi chingwe cha mwina. Ndipo bodza likalowa m'fayilo limakhala moyo wonse. Khadi lakale lili kuti? Malemu dokotala sankasiya kulemba dzina la mankhwala."

Makadi akale anatengedwa ndi kampani imene inabweretsa pulogalamu ya pakompyutayo. Anawajambula limodzilimodzi, mapepala n'kuwatentha, zithunzi n'kuzisunga kwawo. Pachipatalapa panalibe amene akanatha kuzitsegula. Mwamwayi linali Lachiwiri, tsiku limene munthu wa kampaniyo ankabwera kudzayendera makina. Onse ankamutchula kuti a Pasiwedi, chifukwa chilichonse chimene ungawapemphe, yankho linkayamba ndi pasiwedi, mawu achinsinsi otsegulira kompyuta.

Anafika cha m'ma 11 koloko pa njinga yamoto, chikwama cha laputopu chili kumsana. Anali bambo wa imvi zochepa ndi mawu osalala, munthu woti akukukaniza chinthu umatsala pang'ono kuthokoza. Anamva nkhaniyo atakhala pampando wa a Kabati.

"Pepani kwambiri, bambo," anauza a Sizasi. "Zithunzi za makadi akale zimatsegulidwa ndi kalata yochokera kwa eni chipatala. Zimatenga masabata awiri."

"Mpeni ukundidikira mkuja," anatero a Sizasi.

"Ndikumvetsa. Koma lamulo si ine ndinalemba."

"Tandiuzani, achimwene," a Kabati analowererapo, mtima utayamba kutentha. "Makadi amenewo ndi a ndani? Ndinawasunga ine zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ngakhale chiswe sichinalawepo. Lero ndikapemphe kwa inu?"

"Zolembedwazo ndi za chipatala, palibe akukana. Koma mosungiramo ndi mwathu, ndipo kakonzedwe ka mabokosi n'kathu. Mazira ndi anu, thireyi ndi yathu."

"Nanga kabokosi ka Zina bwanji sikanapite nawo kuchipatala chachikulu?"

"Kumeneko amagwiritsa ntchito kalembedwe kotseguka, kamene aliyense angakatenge n'kumangirapo pulogalamu yake. Ife tili ndi kathu. Timawatumizira mabokosi okhawo amene amafanana ndi awo. Zina safanana ndi chilichonse, ndiye amatsala."

"Osangotengera kotsegukako bwanji," anafunsa a Sisita, "kuti wodwala akamasamuka azisamuka ndi katundu wake yense? Chaka chatha munati chaka chino."

"Mabwana akukambirana, a Sisita. Ndipo kotsegukako musakaone ngati kumwamba. Kali ndi komiti, ndipo komitiyo imakangana chaka chonse kuti kabokosi kena kakhale kumanzere kapena kumanja. Ife kathu tinakamanga zaka khumi, kakugwira ntchito. Tikangokatsegula, mawa wina akopera n'kudzaima pakhomo panu pomwepa. Komanso mukati chitseko chitseguke, mudziwe kuti polowa dokotala ndi pomwe pamalowa wamiseche."

A Sizasi, amene nthawi yonseyi ankayang'ana uku ndi uku ngati akuonera mpira, anakweza dzanja ngati mwana wasukulu.

"Ndifunse nawo, poti ndine wosaphunzira. Mazira ndi a chipatala, thireyi ndi ya kampani. Nanga nkhuku ndi ndani? Kutupa kunali kwanga, akuluakulu. Milomo inali yanga, ndipo ndinayenda nayo sabata yathunthu ana akundithawa. Munthu ndikamumeta, tsitsi lake akalifuna ndimamukulungira papepala, sindimuuza kuti lumo ndi langa ndiye akalembe kalata."

A Pasiwedi anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira. Anayang'ana a Sizasi nthawi yaitali ndithu, kenaka anatembenukira kwa a Kabati.

"Bambo awa akunena zoona. Koma inu, a Kabati, musandiloze chala kwambiri. Tsiku la maphunziro ndinaima pamene mwaimapo n'kunena katatu kuti m'kabokosi ka Zina musamaikemo zinthu za moyo wa munthu. Munandiyankha kuti munayamba ntchito ine ndikuyamwa. Tiyerekeze kuti kabokosiko kanapita. Dokotala wa kumeneko watsegula, wapeza O2. Akanatani nayo? Mwinanso akanawaika pa okosijeni."

Anatsegula laputopu, n'kugogoda pang'ono, n'kuitembenuza kuti onse aone.

"Awa ndi odwala amene m'kabokosi kawo ka Zina muli zizindikiro zanu. Alipo 613. Mitanda, nyenyezi, ma O, ma K atatu ondondozana. Takhala tikuziyang'ana zaka zinayi ngati zolemba za asing'anga. Ndinakufunsanipo kawiri tanthauzo lake. Mukukumbuka yankho lanu?"

A Kabati ankalikumbuka. Anagogoda pamphumi pawo tsiku limenelo n'kunena kuti zonse zili muno, ndipo muno mulibe pasiwedi.

"Kampani yathu ili ndi anthu makumi anayi," anapitiriza a Pasiwedi mofatsa. "Ine nditagwa ndi njinga lero, mawa abwera wina. Kampani yanu ili ndi munthu mmodzi, ndipo ndamva kuti akupuma ntchito miyezi isanu ikubwerayi."

"Anyani amasekana zikundu," anatero a Sizasi chapansipansi. Palibe anaseka.

A Kabati anayang'ana mndandanda uja. Mayina ambiri ankawadziwa nkhope zake. Mayi wogulitsa maluwa pageti la manda. Mphunzitsi wachibwibwi uja. Mapasa a kalipentala, amene pano anali ndi ndevu. Onsewa ankayenda m'misewu ndi chinsinsi chimene eni ake sankachidziwa, chitatsekeredwa m'mutu wa dazi umene lero unali utayamba kutaya makiyi. Anadzifunsa kuti ndi angati mwa iwowa anapita kale kuchipatala chachikulu ndi kalata yonena kuti palibe. Funsolo sanalitulutse pakamwa, koma poona nkhope ya a Sisita anadziwa kuti nawonso akuwerengera chomwecho.

"Tipange chonchi," anatero a Pasiwedi. "Pali kakhomo kamene timalowera makina akawonongeka. Ndikatsegula khadi la bambo awa, kuofesi aona kuti ndatsegula, ndipo ndikayankha mlandu Lolemba. Ndilolera. Koma ndikatsegula kabati yanga, inunso mutsegule yanu. Mundipatse tanthauzo la zizindikiro zonse, ndikazilowetse m'pulogalamu."

"Zikalowa m'pulogalamu zikhala za ndani?" anafunsa a Kabati.

A Pasiwedi anakanda kumutu. "Chilichonse cholowa m'kakonzedwe kathu chimakhala mbali ya kakonzedwe kathu."

"Ndiye kuti ndichotse m'khola langa ndikatsekere m'khola lanu."

"Lathu lili ndi denga labwino."

A Kabati akanatha kuvomera basi, zinthu n'kutha msanga. Akanathanso kupereka theka n'kusungako theka, kuti miyezi isanu yotsalayo anthu azisuzumirabe pawindo. Maganizo amenewo anabweradi, ndipo anachita nawo manyazi ngati munthu wopezeka akunyambita mbale ya mlendo. Anayang'ana mlamu wawo, amene anali atasiya nthabwala ndipo ankangosisita pamimba pamene panali chotupa.

"Ndilemba," anatero. "Koma sindikupatsani m'manja. Ndilemba pachipepala chachikulu ndi kuchikhoma pakhomapo. Inu mukopere pomwepo, a Sisita akopere pomwepo, a chipatala chachikulu tiwatumizire chithunzi. Ngakhale kampani ina ikadzabwera, idzapeza chili pomwepo."

"Mabwana anga sakonda zinthu za pakhoma."

"Sakonda, koma kuwerenga amatha."

A Pasiwedi anapumira m'mwamba, n'kuyang'ana a Sisita. A Sisita anangokweza nsidze. Munthu wa kampani uja anakokera laputopu pafupi, n'kubisa zala ndi dzanja linalo monga mwa chizolowezi, n'kugogoda mawu ake achinsinsi.

Khadi linatulukira pagalasi la laputopu, lachikasu, lopindika ngodya, ndi banga la kapu ya tiyi pakati. A Kabati anamva ngati aona m'bale amene anamuika m'manda kalekale. Pangodya panali mphete yawo yofiira ndi nambala 2. M'munsi mwake, m'zilembo zopendama za malemu dokotala, munali mzere wodulidwa kawiri kunsi: penisilini, asadzapatsidwenso.

"Penisilini," anawerenga a Sisita mokweza, ndipo anali atayamba kale kulemba.

A Kabati anagwira m'mphepete mwa tebulo. Akanawakakamiza kusankha m'mawa uja, akananena kuti bakitirimu. Mtima wawo unkakokera kumeneko. Zimenezi sanauze munthu, koma thukuta linayenderera padazi mpaka m'kolala.

A Sisita anakonza kabokosi, anatumizanso kalata, n'kuimbira foni kuchipatala chachikulu kuti ataye yoyamba ija. Kenaka anatenga pepala lina n'kulembapo mawu omwewo ndi dzanja, zilembo zikuluzikulu, n'kudinda chidindo.

"Ili ndi lanu, bambo. Si la chipatala, si la kampani. Muziyenda nalo m'chikwama, ndipo dzinali muliloweze ngati la mkazi wanu."

"La mkazi wanga ndimaliiwala nthawi zina," anatero a Sizasi akulipinda mosamala. "Pe-ni-si-li-ni. Zaka khumi ndi ziwiri mdani wanga ndikumupatsa moni osamudziwa." Atafika pakhomo anatembenuka. "Alamu, mlongo wanu ndikamuuze kuti munatsala pang'ono kumusandutsa wamasiye, kapena ndikamuuze kuti mwandipulumutsa?"

"Kamuuzeni zonse ziwiri."

"Onse awiri amakana a Sisita," anatero a Sizasi, n'kutuluka akuseka. Koma podutsa anawafinya a Kabati paphewa, chinthu chimene anali asanachitepo zaka makumi awiri.

Nthawi ya nkhomaliro a Kabati sanapite kukadya. Anapempha chipepala cholimba ku chipinda cha katemera, n'kuchiyala patebulo, n'kufunafuna m'dirowa mpaka anapeza kachidutswa ka pensulo yofiira. Anayamba ndi mtanda, kenaka nyenyezi, kenaka ma K atatu. Zinalipo khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Chilichonse akachilemba ankamva ngati akuzula dzino, koma lachisanu litatuluka, ena aja sanapwetekenso kwambiri. A Pasiwedi anakhala pambali akumwa madzi a m'botolo.

Pofika pa mphete, pensulo inaima. Akanatha kungolemba za masiku ano n'kusiya zakale zigone. Anayang'ana kunja pawindo, kumene mzere wa masana unali utayamba kukula, kenaka analemba pang'onopang'ono: O1 ndi O2 ndinazisinthanitsa chaka china. Chakacho sindikuchikumbuka. Musakhulupirire nambala. Onani khadi lakale, funsani mwini wake.

A Sisita anawerenga ali chiimire kumbuyo kwawo.

"Munasinthanitsiranji, a Kabati?"

"Nsanje, a Sisita."

"Imeneyo musailembe, malo atha." Anatembenukira kwa a Pasiwedi. "Mphete zilipo zingati pamndandanda wanu?"

"Makumi asanu ndi atatu kudza zinayi."

"Kalata yopempha makadi onsewo muitenga lero lomwe. Ndipo mukawauze mabwana anu kuti mgwirizano wathu ukamadzatha, funso langa loyamba lidzakhala lakuti wodwala akamachoka amachoka ndi chiyani."

"Ndikanena, a Sisita. Kumva ndiye sindikulonjeza."

A Kabati anakwera pampando n'kukhoma chipepalacho pakati pa mizere iwiri ya dzimbiri, pamene kale pankaima kabati yachitatu. Chinapendama pang'ono, koma anachisiya. A Pasiwedi anatulutsa foni n'kuchijambula, ataima pamzere kumbuyo kwa namwino wa katemera, amene anali atayamba kale kukopera m'kope lake.

Itakwana 2 koloko a Kabati anatsegula windo. Woyamba anali mayi wogulitsa maluwa uja, atabwera kudzatenga kalata yopita nayo kwa dokotala wa maso. Makina anatsokomola kawiri n'kulavula pepala. A Kabati analiwakha, koma ulendo uno sanalitulutse. Anawerenga mzere ndi mzere, kenaka anatsika pakompyuta mpaka ku kabokosi ka kumunsi. Munali O1.

"Pali vuto, a Kabati?" anafunsa mayiyo. "Maluwa anga akufota padzuwa."

"Afote pang'ono, mayi. Zungulirani mulowe, mukhale pampando apa. Tandiuzani, pali mankhwala amene anakuvutanipo chiyambire?"